Mipopi ya M'minofu ndi Tiyi wa Amayi

Lolemba, 3 Marichi

Andigoneka pa bedi nambala 7, pafupi ndi sinki. Mpopi wa sinkiyo ukudontha. Zaka 20 ndikukonza mipopi ya anthu, lero andigoneka pafupi ndi mpopi wodontha ndilibe ngakhale sipanala. Ndauza nesi kuti chatha ndi kamphira chabe, ntchito ya mphindi zisanu. Akuti ndigone.

Ndikulemba m'kabuku kanga ka miyeso ya mapaipi, kuyambira kumbuyo, kuti nthawi izipita. Ndabwera ndi heniya, kachotupa m'munsi mwa mimba kamene ndinadziputira ndekha ponyamula thanki. Opaleshoni mawa 9 koloko. Akuti ndi ntchito yaing'ono, Lachitatu ndidzakhala kunyumba. BP 128/80. Sikelo 72 kg. Osadya kanthu kuyambira pakati pa usiku.

Akazi anga, amene ndimawatcha Abwana chifukwa sindisuntha ngakhale mpando popanda chilolezo chawo, andibweretsera mpunga wa nkhuku ndi malalanje atatu. Amayi anga nawo abwera. Awerenga katatu chikwangwani choletsa kudya chimene chili kumutu kwa bedi, kenako andiloza chala.

"Iwe, wamva? Ngakhale madzi. Ngakhale kunyambita supuni."

Ndaseka, iwo sanaseke. Bambo anga anamwalira pa opaleshoni ndili ndi zaka 11, ndiye mantha awo ndikuwamvetsa.

Pa bedi 8 pali dalaivala wa basi, mwendo wake aupachika m'mwamba ndi zitsulo. Wodi yonse imamutcha Wailesi chifukwa alibe potsekera. Wandiuza kale mbiri ya mabasi asanu ndi akazi awiri.

Lachinayi, 6 Marichi

Ndilipo. Chipinda china, cha odwala mwakayakaya. Cholembera chikulemera ngati paipi yachitsulo. Heniya ikadalipo. Akuti ndinatsala pang'ono.

Lachisanu, 7 Marichi

Andibweza ku wodi, bedi lomwe lija. Wailesi wandilandira ndi nyimbo. Mpopi ukudonthabe.

Sisita wamkulu wandifotokozera zimene zinachitika Lachiwiri. Atangondigoneka ndi gasi, nsagwada zinauma, mtima unathamanga mpaka 150, thupi linatentha kufika 41. Anasiya opaleshoni asanadule n'komwe. Anandiyala ayezi m'khwapa ndi m'mphechepeche. Mankhwala amene anandipulumutsa dzina lake dantirolini. Mabotolo 9 poyamba, kenako 9 ena, ndipo botolo lililonse ayenera kuthiramo madzi n'kukhutchumula mpaka ufa usungunuke. Akuti fiyeta yonse, chipinda cha opaleshoni chija, inasanduka yokhutchumula mabotolo, mpaka mayi wokolopa anaponya chokolopera n'kugwira awiri.

Diripi usana ndi usiku kuti impso zitsukike. Pali nambala ina ya m'magazi, CK, yosonyeza kuchuluka kwa minofu imene yawonongeka. Kwa munthu wabwinobwino imakhala 200. Yanga inafika 38,000, lero 21,000. Mkodzo m'thumba ndi wakuda bii. Miyendo ikuwawa ngati ndakwera masitepe a nyumba zosanja tsiku lonse.

Koma ndili moyo, abale. Ndadya theka la lalanje ndipo sindinadyepo lalanje lokoma chonchi.

Loweruka, 8 Marichi

CK 12,500. Thupi 37.1. Ndakhala tsonga ndekha. Botolo la madzi sindinathe kulitsegula, ine amene ndimamasula nati ndi zala. Akuti ndi mankhwala aja, amafooketsa manja, zitha.

Pali china chimene sichili bwino. Amayi anabwera 12 koloko, Abwana anabwera 1 koloko. Abwana atalowa n'kupereka moni, amayi anayang'ana pa windo. Supu wa Abwana anamuchotsa pa kabati n'kuikapo wawo. Anthu awiriwa akhala zaka 16 akugwirizana zondinena ine. Lero ndinali pakati pawo ngati mita ya madzi pa malire a nyumba ziwiri.

Mwana wanga wamkazi anabwera ndi homuweki ya masamu. Akuti poti ndangogona ndilibe chochita. Tinalakwa awiri tonse.

Lamulungu, 9 Marichi

CK 7,400. Achotsa kapaipi ka mkodzo. Ndayenda mpaka ku chimbudzi ndekha, masitepe 31 kupita, 31 kubwera. Wailesi amawerenga mokweza ngati mpira.

Ndafunsa Abwana chimene chavuta pakati pa iwo ndi amayi. Poyamba anakana, kenako misozi inayamba yokha.

Lachiwiri m'mawa iwo anafika 6 koloko ndi fulasiki yawo ya tiyi, poti anachoka kunyumba osadya. Amayi atafika anapeza chivundikiro cha fulasiki chili chonyowa pa kabati yanga. Zinthu zitavuta ku fiyeta, amayi anawagwira mkono pa khonde, pamaso pa anthu, n'kunena kuti, "Mwamumwetsa tiyi. Mwandiphera mwana." Kuyambira tsiku limenelo sanawalankhulenso.

Zandipweteka kwambiri. Ine tiyi sindinamulawe, ndinangomununkhiza.

Amayi atabwera madzulo ndinawauza. Wailesi analowerera asanaitanidwe.

"Amayi, tiyi uja ndinamwa ndine. Ndinapempha, anandithirira. Mboni ndi mwendo wangawu."

"Inu mukhoza kunena chilichonse," anatero amayi. "Ndakumvani mukunena kuti munayendetsa basi yopanda mabuleki."

Zoonadi ananena. Mboni yanga yagwa chifukwa cha pakamwa pake.

Chodabwitsa n'chakuti bwanji tiyi. Kunyumba kwa amayi kulibe tiyi chimwalirireni bambo. Amati amawathamangitsa mtima. Ife tinakula ndi madzi otentha a mandimu, ndipo tiyi ndinakamuphunzira ku ntchito. Sindinafunsepo. Munthu sufunsa chifukwa chimene kunyumba kwanu kulibe chinthu, umangozolowera.

Lolemba, 10 Marichi

CK 4,100. Impso zili bwino. Diripi yatsala imodzi.

Abwera adokotala a tulo, amene anandigoneka Lachiwiri. Ndi mayi wamfupi wa nsapato zamphira zobiriwira, ndipo amaseka asanamalize chiganizo. Anakoka mpando, anafunsa ntchito yanga, n'kuwomba m'manja kamodzi.

"Ndiye inu mumva msanga kuposa ophunzira anga."

Ndilemba monga ndamvera. M'kati mwa mnofu uliwonse muli timathanki ting'onoting'ono todzaza kashiamu. Thanki iliyonse ili ndi timipopi tambirimbiri. Ukafuna kukunga chibakera, ubongo umatumiza uthenga, timipopi timatseguka, kashiamu amakhuthukira mu mnofu, mnofu n'kukungika. Kenako timipopi timatseka, timapampu timabweza kashiamu mu thanki, dzanja n'kumasuka. Zonsezi m'kuphethira kwa diso, tsiku lonse, moyo wonse.

Anandionetsa chithunzi cha kampopi kamodzi pa foni. Kali ngati bowa, ka zigawo zinayi, bowo pakati. M'mbali mwake muli timatumba, ndipo tinthu ting'onoting'ono tikalowa m'timatumbamo ndi timene timakauza zochita. Maginiziyamu akakhalapo, kampopi kamatsekeka bwino. Mafuta amene mnofu umayendera amakafewetsa kuti katseguke msanga. Kashiamu mwini wake akayamba kutuluka amakankhanso kuti katseguke kwambiri.

"Maginiziyamu ndiye kamphira," ndinatero.

"Kamphira ndithu. Ndipo kanu sikagwira bwino. Munabadwa nako."

Akuti kampopi kamodzi ndi zingwe zinayi zopindidwa, chilichonse cha mikanda 5,000, ndipo kwa ine mwina mkanda umodzi wokha ndi wolakwika. Masiku onse kamagwira ntchito, munthu sudziwa. Koma gasi wogonetsera akafika, timipopi tonse timatseguka n'kukana kutseka. Minofu imauma, timapampu timathamanga mpaka kutentha, ndiye 41 uja. Dantirolini amakakhala pa kampopi n'kukathandiza kutseka.

Ndinafunsa ngati anaonapo zimenezi. Akuti zaka 14 akugoneka anthu, anangoziwerenga m'mabuku. Koma mwezi uliwonse amatsegula kabati ya dantirolini, kuwerenga mabotolo ndi kuona madeti, anzawo n'kumawaseka kuti akuweta mabotolo. "Lachiwiri palibe anaseka," anatero, n'kuseka okha.

Ndinakondwa ngati mwana. Ine wokonza mipopi, thupi langa lonse mipopi yodontha.

Amayi anali atakhala ku mapazi a bedi, chikwama pa miyendo. Adokotala anapitiriza kuti atenga magazi kukafufuza mkanda wolakwikawo, ndipo zikapanda kuoneka, pakatha miyezi adzadula kachidutswa ka mnofu wa pa ntchafu n'kukaviika m'mankhwala kuti aone ngati kakungike msanga. Ndinafunsa mankhwala anji.

"Amodzi ndi gasi yemweyo. Ena ndi kafini, uja amapezeka mu khofi ndi mu tiyi. Nayenso amatsegula timipopi."

Amayi anaimirira. Nkhope inachita kutuwa. Anatuluka osatsanzika, n'kusiya ambulera yawo.

Lachiwiri, 11 Marichi

CK 2,300. Diripi yachoka. Botolo ndatsegula ndekha.

Amayi sanabwere. Achemwali anga aimba foni kuti adzitsekera m'chipinda, akuti mutu. Abwana abwera ndi mazira owiritsa, akhala pang'ono, sitinalankhule zambiri. Ambulera ili pansi pa bedi.

Sindikufuna kutuluka muno ndi impso zabwino n'kukapeza nyumba yogawanika. Lero ndilibe nthabwala.

Lachitatu, 12 Marichi

CK 1,400.

Amayi abwera 2 koloko, nthawi imene wodi imakhala zii. Sanabweretse chakudya. Anakoka makatani kuzungulira bedi, anakhala pansi, n'kuyamba kulankhula akuyang'ana chikwama.

Bambo anathyoka mwendo atagwa pa makwerero, fupa linalumikizana mokhota, ndiye madokotala anafuna kuliwongola. M'mawa wa opaleshoni anali ndi ludzu. Bambo anga anali munthu wa tiyi, amati tsiku lopanda tiyi silinayambe. Anapempha, amayi anakana. Anapemphanso, akumwetulira, kuwatchula dzina limene ankawatchula ali awiri. Amayi anakoka makatani monga achitira lero, n'kuwathirira m'chivundikiro cha fulasiki. Theka lokha.

Masana madokotala anaitana amayi n'kuwauza kuti zalephereka. Nesi wina anawafunsa kuti, "Simunawapatse kanthu m'mawa?" Amayi anayankha kuti ayi.

"Ndinanama, mwana wanga. Ndinapha bambo ako ndi dzanja langali, kenako ndinanama. Dzana dokotala wako ananena yekha kuti tiyi amatsegula zinthuzo."

Zaka 31. Ketulo anaipereka kwa aneba sabata yomweyo. Sanauze achemwali, sanauze m'bale wawo aliyense. Ine ndakhala ndikuwaseka kuti ndi munthu yekhayo pa dziko amene amaopa tiyi.

Ndinalira, sindibisa. Ndinawagwira dzanja, ndipo mwina ndi koyamba chikulireni.

"Amayi, ine sindinamwe, koma zandichitikira."

"Ukuteteza mkazi wako. Nanenso ndinakana, ndikudziwa mmene munthu amakanira."

Pamenepo ndinamvetsa. Sakudana ndi Abwana ayi. Akuwaona ngati iwo eni.

Ndawapempha kuti abwere mawa 10 koloko, adzanene zimenezi kwa adokotala a tulo. Akuti adzawamanga. Ndati ngati akumanga, atimange tonse. Sanalonjeze, koma ambulera aisiyanso, ndipo mitambo ilipo.

Atapita ndinatsegula makatani. Wailesi anali chigonere, akuyang'ana kudenga, maso ofiira. Makatani satseka makutu. Kwa ola lathunthu sananene kanthu, mpaka nesi anabwera kudzamuyeza thupi.

Lachinayi, 13 Marichi

CK 800. Ndilemba zonse, dzanja likafuna lipume mawa.

M'mawa ndinatuma nesi kwa adokotala a tulo kuti ndili ndi nkhani ya bambo anga. Anabwera ndi fayilo. Amayi anafika 10 koloko yeniyeni atavala diresi yawo ya buluu, ija amavala popita ku maofesi. Abwana anali atafika kale. Anafuna kutuluka, ine ndinati akhale.

Amayi ananena zonse, mawu ali pansipansi, ngati munthu wodzipereka ku polisi. Adokotala sanaseke ngakhale pang'ono. Anatsegula fayilo n'kufunsa funso limene sindinaliyembekezere.

"Amayi, munawaona atamwalira?"

"Ndinawaona."

"Patapita nthawi yaitali bwanji?"

"Ola limodzi, kapena kuposa."

"Munawakhudza? Ndiuzeni zonse, ngakhale zimene mukuona ngati n'zopanda pake."

Amayi anatseka maso. Anati thupi linali likutenthabe ngati simbi, moti anaganiza kuti madokotala alakwitsa, munthuyu ali moyo. Nsalu zinali zonyowa, pansi panali mabeseni a ayezi wosungunuka. Anafuna kuwapinda manja pa chifuwa koma manja anakana, anali ouma gwa. Nsagwada nazo zinali zolumana.

Adokotala amalemba mawu aliwonse. Atamaliza anaika cholembera pansi.

"Amayi, mapepala a bambo sindinawaone, ndiye sindingalumbire. Koma zimene mwanenazi ndi zimene ndinaona Lachiwiri ndi maso angawa pa mwana wanu. Timaletsa chakudya chifukwa munthu akhoza kusanza ali m'tulo, masanzi n'kulowa m'mapapo. Zimenezo ndi zoopsa, ndipo lamulolo ndi labwino. Koma sizitenthetsa thupi chonchi, siziumitsa manja. Chimene chimachita zimenezi ndi gasi akakumana ndi timipopi ta mtundu uwu."

"Koma munanena nokha za tiyi."

"Ndinanena, ndipo ndinalakwa kusamaliza. Bambo, ndibwerekeni kabuku kanu."

Analemba masamu pa tsamba lili kuseri kwa lino, ndisunga. Akuti kafini amene amathira pa kachidutswa ka mnofu kuti kakungike ndi wochuluka zedi. Kuti afike mlingo umenewo m'magazi a munthu, munthuyo amwe makapu ngati 400 nthawi imodzi.

"Inu munawapatsa makapu angati?"

"Theka la chivundikiro."

"Kwatsala makapu 399 ndi theka, amayi."

Wailesi anatsokomola mwadala. Amayi anatembenuka n'kumuyang'ana nthawi yaitali.

"Inu a basi. Zoona munamwa ndinu?"

"Wonse, amayi. Shuga anali wochepa, koma sindinadandaule."

"Ndipo uyu sanalawe?"

"Anangoyang'ana ngati galu wa pa butchala."

Amayi anabwerera kwa adokotala. "Ndiye ngakhale ndikanawamana?"

"Zikanachitikabe. Masiku amenewo zipatala zambiri zinalibe mankhwala amene tinapatsa mwana wanu. Inu simunaphe munthu. Munapatsa mwamuna wanu tiyi ali ndi ludzu, basi."

Amayi sanalire pomwepo. Anangogwira chikwama chawo ndi manja awiri. Adokotala anawauza kuti zimene amayi asunga m'mutu zaka zonsezi azilemba pa tsamba loyamba la fayilo, chifukwa zikusonyeza kumene vutoli lachokera. Mwana aliyense wa munthu wotere akhoza kutengera kapena ayi, theka ndi theka. Achemwali ayezedwe, mwana wanga ayezedwe, abale a bambo auzidwe. Pakali pano tonse tiziyenda ndi kakhadi, ndipo wina akafuna opaleshoni pali mankhwala ena ogonetsera amene timipopi sitiwamva n'komwe.

"Ndiye mipopi yowonongekayi ndi ya kwa bambo ake?" anafunsa amayi.

"Zikuoneka choncho."

"Ndimadziwa. Kwathu kulibe zodontha."

Ndinaseka mpaka heniya inandikumbutsa kuti ikadalipo. Amayi nawo anayamba kuseka, ndipo kusekako n'kumene kunasanduka kulira. Abwana anali chiimire ku mapazi a bedi. Amayi anatambasula dzanja osayang'ana.

"Bwera kuno, mwana wanga. Ndinakunyoza pa anthu. Ndikhululukire."

Chikhalire amawatcha apongozi. Abwana anagwada pambali pa mpando n'kuika mutu pa miyendo yawo. Ine ndinayang'ana sinki. Wailesi anapempha nesi kansalu, akuti fumbi lamulowa m'maso.

Lachisanu, 14 Marichi

CK 450. Ndayenda khonde lonse kawiri. Ndadya zonse za m'mbale ndi theka la za Wailesi.

Atenga magazi a achemwali ndi a mwana wanga. Mwanayo wafunsa ngati timipopi take tikhoza kumuletsa masewera a ku sukulu. Adokotala akuti ayi, azingomwa madzi ndi kupewa kudzitopetsa pa dzuwa loswa mtengo. Wafunsanso ngati tikhoza kumuletsa kutsuka mbale. Akuti ayinso. Wakhumudwa.

Heniya adzakonza pakatha miyezi itatu, ndi jakisoni wa pamsana, ine ndili maso. Ndawauza kuti ndizidzayang'anira ntchito. Andipatsa kakhadi kofiira ka m'chikwama ndi kachibangili ka pa mkono.

Amayi ndi Abwana abwera limodzi, ambulera imodzi. Agwirizana kale kuti sindinyamulanso thanki ndipo ndimete ndevu. Mtendere wabwerera, ndipo woyamba kuvutika nawo ndine.

Ndinapempha Abwana dzulo kuti andibweretsere sipanala yaing'ono ndi kamphira. Anabisa m'thumba la malalanje. Masana, sisita wamkulu atapita kukadya, ndinatseka madzi pansi pa sinki n'kumasula mpopi. Kamphira kakale kanali kong'ambika pang'ono pokha, mbali imodzi. Manja akadali ofooka koma anagwira. Mphindi 12, osati zisanu. Sisita atabwera anaima, anamvetsera, n'kufunsa kuti chasintha n'chiyani muno. Wodi yonse inakhala chete, ngakhale Wailesi. Kamphira kakaleko ndapatsa adokotala a tulo, akuti akaonetsa ophunzira awo.

Loweruka, 15 Marichi

CK 290. Sikelo 68 kg. BP 122/78. Andilembera kalata yotuluka. Mwendo wa Wailesi autsitsa Lolemba, ndipo walonjeza kundinyamula ulere pa basi ya mabuleki.

Abwana anafika 9 koloko kudzalongedza. Amayi anachedwa, mpaka tinayamba kuda nkhawa. Anafika 10 koloko atanyamula basiketi. Anaika pa kabati, anachotsa kansalu, n'kutulutsa fulasiki yatsopano, pepala la mtengo likadali pa chivundikiro. Makapu anayi, kabotolo ka shuga, supuni imodzi.

Tonse tinawayang'ana.

"Musandiyang'ane choncho," anatero. "Ndinachita kufunsa aneba kuti masamba amathira angati. Ndaiwala."

Kapu yoyamba anapatsa Abwana, ndi manja awiri. Yachiwiri anapatsa Wailesi, n'kumuuza kuti athire shuga yekha asadzawanene. Yachitatu inali yawo. Anaigwira nthawi yaitali, akuuzira, kenako anamwa pang'ono n'kutseka maso.

"Mtima ukuthamanga, amayi?" ndinafunsa.

"Khala chete, iwe."

Tiyiyo anali wakuda bii, wowawa, masamba akuyandama pamwamba. Wailesi anati sanamwepo wokoma chonchi, ndipo ulendo uno amayi anamukhulupirira osafunsa kawiri.

Yanga inali yomaliza. Anathira tiyi, anatsegula kabotolo ka shuga, n'kuyamba kuthira osandifunsa, akulankhula ndi Abwana za mtengo wa fulasiki. Supuni yoyamba, yachiwiri, yachitatu, kenako kagawo kakang'ono ka yachinayi. Anatakasa, anagogoda supuni kawiri pa mlomo wa kapu, n'kundipatsa chogwirira chitaloza kwa ine.

Ine ndimathira ziwiri. Zitatu ndi kagawo ankathira bambo. Ndinali nditaiwala, koma dzanja la amayi silinaiwale.

Ndinamwa yonse, ndipo ndinapempha ina.